Dziko la eni likayamba kuwira, ndege zimabwerera eni ake: malangizo kwa a Malawi amene tili ku ma Arabu

Abale anga amene muli ku Oman, Kuwait, Qatar, Dubai, Cairo ngakhalenso anyamata a m'mafamu ku Israel, ndikufuna tikambirane nkhani imene ambiri sitiiganizira bola salale ikulowa komanso kumudzi akulandira kangachepe pa mwezi. Nkhani yake ndi iyi, dziko limene mukukhalalo litati lagwedezeka mawa, inuyo mutuluka bwanji? Musanene kuti kuno ndi kwa bata, ku Libya nako anthu ankanena zomwezo mpaka February 2011.

Tikumbutsane kaye mmene zinayendera chifukwa liwiro lake ndi limene likuyenera kukuopsani. Pa 17 December 2010 mnyamata wogulitsa zipatso, Mohamed Bouazizi, anadziyatsa moto ku Sidi Bouzid ku Tunisia atalandidwa katundu wake, venda wamba ngati amene timawaona mu Limbe. Pasanathe mwezi Ben Ali amene analamula zaka 23 anali atathawira ku Saudi Arabia. Pa 11 February 2011 Mubarak wa ku Egypt naye anatula pansi, patangopita masiku owerengeka mzinda wa Benghazi ku Libya unayaka. Anthu anali atatopa ndi ulova, kukwera kwa chakudya, apolisi ankhanza ndi mabanja amene anasandutsa dziko ngati munda wa agogo awo, ndiye mkwiyowo unali weniweni osati wochita kugula. Ife amene tinaona za 20 July chaka chomwecho kumudzi tikudziwa mmene tauni imasinthira nkhope pa tsiku limodzi.

Tsono apa ndi pamene pali phunziro. Pa 17 March bungwe la UN linavomereza chigamulo nambala 1973 ati kuteteza anthu wamba ku Libya, pa 19 March ndege za France, Britain ndi America zinayamba kuponya mabomba, kenako NATO inatenga ntchitoyo mpaka Gaddafi anaphedwa ku Sirte pa 20 October. Koma sabata yomweyo, pa 14 March, asilikali a Saudi Arabia anawoloka mlatho kulowa mu Bahrain kukathandiza mfumu kupondereza anthu ochita mademo, ndipo maiko omwe aja anangoyang'ana kumbali, pajatu ku Bahrain ndi kumene kumakocheza zombo zankhondo za America. Mademo ofanana, sabata imodzi, mayankho awiri osiyana. Libya ili ndi mafuta ambiri pansi kuposa dziko lina lililonse mu Africa, gasi wake amadutsa pansi pa nyanja kupita ku Italy, ndipo Sarkozy, pulezidenti wa France nthawi imeneyo, yemwe anatsogolera nkhondoyo ndi yemweyo anamulandira Gaddafi ku Paris mu 2007 mpaka kumulola kukhoma tenti yake. Sindikunena kuti Gaddafi anali mngelo ayi, munthu uja anapha anthu ake ambiri ndipo a ku Benghazi anali ndi chifukwa chochitira mantha. Koma amene amatumiza ndege amawerengera kaye zawo, mafuta, madoko, mabwato a othawa kwawo amene angafike ku Ulaya, zisankho za kwawo. Russia nayo polowa mu Syria mu 2015 inkateteza Assad, pulezidenti wa dzikolo nthawi imeneyo, komanso doko lake la Tartus. Mu 2016 komiti ya aphungu a ku Britain inanena poyera kuti boma lawo linalowa mu Libya popanda kumvetsa bwino zimene zinali kuchitika, Obama naye anavomera kuti kusakonzekera za pambuyo pa Gaddafi kunali kulakwitsa kwake kwakukulu. Walira mvula walira matope, koma matopewo anaponda ndani?

Anaponda anthu ngati inu ndi ine. China inatulutsa nzika zake zoposa 35,000 pa masabata awiri okha, ndi zombo ndi ndege, azungu nawonso anatenga awo. Amene anatsala anali a ku Niger, Ghana, Mali, Nigeria, Bangladesh, omanga nyumba ndi osesa m'misewu, ena mabwana awo atathawa ndi malipiro ndi mapasipoti omwe. Choipitsitsa, kunamveka mphekesera yoti Gaddafi walemba asilikali aganyu akuda, basi khungu lakuda linasanduka mlandu, anthu ankagwidwa pa rodibuloko kumenyedwa ena kuphedwa chonsecho ndi mabilikileya. Tauni ya Tawergha ya a Libya akuda inasamutsidwa yonse. Ambiri anakathera pa boda ya Ras Ajdir ndi kukampu ya Choucha ku Tunisia kudikira a IOM, bungwe lothandiza anthu osamuka m'maiko mwawo, kuti awapezere ndege. Boma lathu linadula ubale ndi Libya mu April chaka chimenecho, ndiye ganizirani m'Malawi amene akanakhala mu Tripoli nthawi imeneyo akanagogoda pa khomo la ndani.

Ndiye tipange chani? Choyamba pasipoti, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri timagwera makamaka asisi amene mukugwira m'nyumba. Madamu kapena ejenti akamati bweretsa ndikusungire, dziwani kuti m'maiko ambiri a ku Gulf lamulo silimulola kusunga pasipoti yanu, kungoti amadalira kuti simudziwa ndiponso mukuopa kuchotsedwa ntchito. Ipempheni mwaulemu, nenani kuti mukufuna kutumiza ndalama kapena kulembetsa simu kadi, ikabwera isabwererenso. Zikakanika ndithu, jambulani tsamba la chithunzi, viza, ID ya kumeneko ndi kontrakiti, mutumize kwa m'bale wodalirika kumudzi komanso pa imelo yanu, ndipo pepala limodzi la fotokope likhale mu chikwama chimene mumagona nacho pafupi. Foni imabedwa, imafa, imalandidwa pa rodibuloko. Onaninso deti yothera, pasipoti yotsala miyezi iwiri ndi vuto pa nthawi ya mtendere, nanji pa nkhondo. Ndipo zinthu zikayamba kununkha musakasiye pasipoti ku embase ya dziko lina kufunsira viza, ku Khartoum nkhondo itabuka pa 15 April 2023 ma embase anatsekedwa akazembe n'kuthawa, mapasipoti a anthu anatsekeredwa mkatimo ena anachita kuwonongedwa.

Ndalama. Musasunge zonse mu banki ya kumeneko kapena kwa abwana ati akusungirani mudzatenge pothera kontrakiti, ameneyo ndi msampha. Tumizani kumudzi pafupipafupi, koma mutsale ndi kakashi m'manja, ngati mungathe ka madola, koti kakulipirireni galimoto mpaka pa boda ndi chakudya cha masiku angapo. Tsiku la chipwirikiti ma ATM amauma, malo otumizira ndalama amatseka ndipo woyendetsa minibasi amatchula mtengo umene wafuna. Kagaweni pawiri patatu, kena mu sokosi kena mosokerera mu malaya.

Netiweki musaidalire. Boma la Mubarak linazimitsa intaneti dziko lonse kwa masiku pafupifupi asanu kuyambira kumapeto kwa January 2011, ndipo maboma ena anaphunzirapo. Lembani pa pepala manambala a abale, a anzanu a Malawi amene muli nawo tauni imodzi, ndi a ofesi ya kazembe wathu imene imayang'anira dziko limene mulilo. Tili ndi embase ku Cairo ndi ku Kuwait, koma maiko ambiri a chigawochi alibe ofesi yathu, ndiye fufuzani lero kuti inuyo mumagwera kuti ndipo muwalembere kuti akudziweni, dzina, nambala ya pasipoti, tauni. Boma silingafunefune munthu amene silikudziwa kuti alipo, ndipo ambiri tinabwera kudzera kwa ma ejenti a mseri. Gulu la WhatsApp la a Malawi lisangokhala la maliro ndi mpira, gwirizanani malo amodzi okumanirana mafoni atafa. Dziwaninso kumene kuli ofesi ya IOM ndi ma embase a maiko a SADC, pa tsiku loipa khomo la South Africa, Zambia kapena Tanzania ndi bwino kuligogoda kusiyana ndi kungokhala m'nyumba.

Za ndale za eni, tsekani pakamwa, ndikunena mosapsatira. Musapite kukaonerera mademo, musajambule asilikali kapena malo amene pagwa bomba kuti muike pa Facebook kapena TikTok anthu akumudzi aone, ameneyo ndi mlandu wa ukazitape m'maiko ambiri. Mu July 2024 khoti la ku UAE, dziko limene kuli Dubai, linagamula anthu 57 a ku Bangladesh kuti akakhale kundende chifukwa chochita mademo otsutsa boma la kwawo, osati la UAE, atatu mwa iwo moyo wonse, anachita kuwakhululukira pambuyo pake n'kuwathamangitsa. Ngakhale abwana akufunseni pa tebulo kuti iwe ukuona bwanji, yankho ndi loti ine ndinabwerera ntchito. Zovala zamawangamawanga zonga za asilikali zija achinyamata mumazikonda, jombo, ngakhale chithunzi mu foni mutanyamula mfuti ya mlonda mwa nthabwala, chotsani zonse, kumbukirani zimene zinawaonekera akuda ku Libya.

Nanga nthawi yonyamuka mungaidziwe bwanji? Osamvera zimene akunena pa TV ya boma, yang'anani zimene akuchita olemera. Mukaona ma embase a azungu akutumiza akazi ndi ana kwawo, makampani a ndege akuimitsa maulendo, abwana anu akulongedza masutikesi ati tikupita ku holide mwadzidzidzi iwe usamale nyumba, pa filing'i siteshoni pali mizere, imeneyo ndiye belu. Ku Lebanon mu 2024 mabomba atayamba kugwa, atsikana ambiri antchito a ku Africa anasiyidwa okha mabwana atathawa. Musadikire malipiro a mwezi umene watsala, ndikudziwa zimawawa kusiya ndalama imene mwaikhetsera thukuta koma eyapoti ikatsekedwa njira yotsala ndi ya m'chipululu. Ndipo wina akabwera ndi nkhani yoti pali bwato lopita ku Italy lipirani chakuti, mukaneni, anthu masauzande amira pa nyanja ya Mediterranean ndipo mu 2017 dziko lonse linaona kanema wa anthu akuda akugulitsidwa ngati mbuzi mu Libya momwemo.

Kachikwama kaja kakhale kokonzeka kuyambira lero, mapepala, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku okwanira mwezi, chaja ndi pawabanki, botolo la madzi, juzi chifukwa m'chipululu usiku kumazizira koopsa, ndi nsapato zoti mutha kuyenda nazo mtunda wautali.