Momwe mungayambire mpikisano wokoka katundu ndi thirakitala

Ku America, Canada ndi Netherlands kuli anthu amene thirakitala yawo siidziwa munda, ntchito yake ndi mpikisano basi. Amaimangirira ku chingolo cholemera chotchedwa sled nkukoka pa bwalo la dothi la mafiti 300, ku Ulaya amayeza mamita 100, amene wafika patali ndiye wawina. Pa sled po pamakhala bokosi la zitsulo limene limasendera kutsogolo thirakitala ikamayenda, limapanikiza chitsulo chapansi kuti chizikhukhuluza dothi, ndiye katundu amangolemererabe mpaka injini kugonja kapena matayala kumangozungulira pamodzimodzi.

Choyamba, musanagule ngakhale bawuti imodzi, pezani buku la malamulo la bungwe limene mukufuna kulowa. Ku America lodziwika ndi NTPA lomwe linayamba mu 1969, ku Ulaya kuli ETPC. Sankhani gulu laling'ono, la timathirakitala totchetchera kapinga kapena la mathirakitala akumunda osasinthidwa kwambiri. Zimphona zokhala ndi mainjini a ndege zomwe zimaoneka pa mpikisano waukulu wa ku Bowling Green, m'chigawo cha Ohio ku America, mwezi wa August uliwonse, zisiyeni kaye, zimadya ndalama zoopsa.

Kenako chitetezo, apa palibe zokambirana. Ikani zitsulo kumbuyo zoletsa thirakitala kugudubuka chagada kutsogolo kukanyamuka, switch yozimitsa injini yokha tcheni chikaduka, chipewa cholimba ndi chozimira moto.

Tsopano pamene ambiri amaphonya. Anthu amathamangira kuwonjezera mphamvu ya injini koma mpikisanowu umawinidwa ndi kugwira dothi kwa matayala akumbuyo. Thirakitala imayezedwa pa sikelo dalaivala ali pompo, kulemera konse kuli ndi malire, ndiye nzeru yanu ili pa malo oika zitsulo zowonjezerazo. Mukaunjika zambiri kumbuyo kutsogolo kumanyamuka kwambiri ndipo chiwongolero sichimvanso, mukaunjika kutsogolo matayala akumbuyo amangokumba dzenje. Chofunika nchoti matayala akutsogolo azingoyandama pang'ono chabe. Pokolekera tcheni pakhale pamwamba mpaka pomwe malamulo alola osapitirira, chifukwa oyang'anira amayeza, ndipo mpweya wa matayala akumbuyo muzichepetsako kuti tayala liphwatalale bwino.

Tsiku la mpikisano yendani pa bwalolo, onani ngati dothi lili lonyowa kapena lafumbi, onaninso mbali imene anzanu akutitimira. Mukakoleka, sendererani pang'onopang'ono tcheni chikungike, dikirani mbendera yobiriwira, siyani kalachi mofatsa kenako muwonjezere moto, osadzidzimutsa. Giya musankhiretu chifukwa kusintha muli pakati kumakuphetsani liwiro. Musatuluke mizere ya m'mbali, amakuchotsani, ndipo mbendera yofiira ikakwezedwa imani pomwepo. Mukafika kumapeto imeneyo ndi full pull, ngati mwafika angapo amawonjezera katundu pa sled nkukokanso.