Kuphunzitsa Chingerezi ku Germany Podzilemba Nokha Ntchito: Momwe Mungayendetsere Malipiro ndi Msonkho

Masukulu ambiri a zilankhulo ku Berlin, Hamburg ndi Munich salemba mphunzitsi wa Chingerezi ntchito yokhazikika. Amangomupatsa makalasi, mwezi ukatha iye n'kulemba invoisi. Ndalama imalowa mu akaunti yonse yathunthu, ndipo munthu wozolowera PAYE ya kwathu amanyengeka pamenepa. Kwathu abwana amadula msonkho ndi penshoni ndalama isanafike m'manja mwanu. Kuno mudzalipira ndinu, ndipo makalata okumbutsa amafika ndalama itadyedwa kale.

Yambani ndi chilolezo

Ngati pasipoti yanu si ya dziko la mu European Union, chitupa chanu chokhalira m'dzikomo chiyenera kunena kuti mukuloledwa kudzilemba nokha ntchito. Cha ophunzira nthawi zambiri sichilola zimenezi popanda chilolezo chapadera, choncho funsani ku Ausländerbehörde, ofesi yoona za alendo ochokera kunja, musanavomere kalasi ngakhale imodzi. Mukapeza nyumba, kalembetseni adiresi ku Bürgeramt, ofesi ya kalembera wa anthu okhala mumzinda, pasanathe masabata awiri. Nambala yanu ya msonkho yotchedwa Steuer-ID idzabwera pa positi.

Dzidziwikitseni ku Finanzamt

Finanzamt ndi ofesi ya msonkho. Pasanathe mwezi chiyambireni ntchito, lembani fomu ya Fragebogen zur steuerlichen Erfassung pa intaneti kudzera pa ELSTER, webusaiti ya boma ya zamsonkho. Adzakupatsani Steuernummer, nambala ina yosiyana ndi yoyamba ija, yoti muzilemba pa invoisi iliyonse. Mphunzitsi amawerengedwa ngati Freiberufler, kutanthauza wodzilemba yekha ntchito ya ukatswiri, kotero simulembetsa bizinesi ndipo msonkho wa mabizinesi sukukhudzani.

Fomuyi imafunsa phindu limene mukuyembekeza pachaka. Lembani zoona. Mukakweza, adzayamba kukulipiritsani msonkho wa pasadakhale pa ndalama zoti simunazipeze.

Fomu yomweyi imafunsanso za VAT, imene ku Germany ndi 19 peresenti. Kuyambira 2025, amene sanapitirire mayuro 25,000 chaka chatha ndipo sakupitirira 100,000 chaka chino angakhale Kleinunternehmer, kutanthauza wabizinesi yaing'ono, n'kusiya kuwonjezera VAT pa invoisi. M'chaka choyamba malire ndi 25,000. Kwa woyamba kumene iyi ndi njira yopepuka, bola muzilemba pa invoisi kuti simukulipiritsa VAT chifukwa cha lamulo limeneli.

Penshoni: apa khalani pansi

Anthu ambiri odzilemba okha ntchito ku Germany sakakamizidwa kulowa penshoni ya boma. Aphunzitsi amakakamizidwa. Lamulo limawatchula mwachindunji, ndipo limagwira ngakhale mlendo amene akuganiza zokhalako zaka zochepa. Muyenera kukadzionetsa nokha ku Deutsche Rentenversicherung, ofesi ya penshoni ya boma, pasanathe miyezi itatu chiyambireni ntchito. Sukulu siichita zimenezi m'malo mwanu, ndipo Steuernummer ikabwera musaganize kuti nkhani yonse yatha.

Mtengo wake ndi 18.6 peresenti ya phindu, ndipo mumalipira yonse nokha, pamene wolembedwa ntchito amagawana pakati ndi abwana ake. Mungasankhe kulipira molingana ndi phindu lenileni kapena ndalama yokhazikika mwezi uliwonse, imene oyamba kumene amaloledwa kupereka theka lake m'zaka zoyambirira. Amene phindu lake ndi lochepa kwambiri, losapitirira mayuro 556 pamwezi monga zinalili mu 2025, salipira.

Chimandiwawa n'chakuti anzathu ambiri amamva za lamuloli atapita kale patali. Ofesi ya penshoni ikakupezani, ingakulipiritseni za zaka zinayi zam'mbuyo pamodzi ndi chindapusa. Kwa mphunzitsi wopeza mayuro 20,000 pachaka, imeneyo ndi ngongole yoyandikira 15,000 m'kalata imodzi. Kudzionetsa msanga kumapweteka mwezi ndi mwezi, koma munthu amapirira. Ndalamayo siitayikanso: zaka zisanu zopereka zimakupatsani ufulu wodzalandira penshoni, ndipo wobwerera kwawo kunja kwa European Union angapemphe kubwezeredwa theka la zopereka zake patatha miyezi 24.

Inshuwalansi ya chipatala

Aliyense wokhala ku Germany ayenera kukhala nayo. Ya boma, pamodzi ndi ya chisamaliro cha odwala nthawi yaitali, imatenga pafupifupi 20 peresenti ya phindu. Wongofika kumene, amene sanakhalepo mu inshuwalansi ya boma ku Ulaya, kawirikawiri amayenera kugula ya makampani. Musanasaine, onetsetsani kuti Ausländerbehörde idzaivomereza.

Tsopano werengani mtengo wa kalasi

Funsani kaye kuti "ola" n'chiyani, chifukwa masukulu ambiri, kuphatikizapo a Volkshochschule (masukulu ophunzitsa anthu akuluakulu), amawerenga mphindi 45. Funsaninso zimene zimachitika wophunzira akalephera kubwera mwadzidzidzi, ndipo yankho lake likhale m'pangano lolembedwa.

Tiyeni tingoyerekeza. Mukulandira mayuro 30 pa kalasi, makalasi 20 pa sabata, masabata 40 pachaka, poti tchuthi ndi matenda palibe wokulipirani. Zonse pamodzi ndi 24,000. Chotsani 2,000 za mabuku ndi maulendo, phindu ndi 22,000. Penshoni itenga 4,092, chipatala pafupifupi 4,400. Mwatsala ndi ndalama zoyandikira 13,500 musanalipire lendi.

Msonkho weniweniwo apa ndi waung'ono. Zopereka za penshoni ndi chipatala zimachotsedwa kaye, ndipo mu 2025 mayuro 12,096 oyamba sankadulidwa msonkho. Opitirira pamenepo amayamba pa 14 peresenti n'kumakwera mpaka 45. Ndiye anthu amaopa Finanzamt, chonsecho chodya ndalama zambiri chili kwina. Ine ndingalangize kuti mutsegule akaunti yachiwiri, invoisi iliyonse ikalipidwa muzisamutsirako 40 peresenti tsiku lomwelo.

Yesetsaninso kuphunzitsa m'malo angapo. Mukadalira sukulu imodzi imene imakuuzani nthawi, malo ndi kaphunzitsidwe, boma lingakuoneni ngati wolembedwa ntchito wobisika. Chigamulo cha 2022 cha Bundessozialgericht, khoti lalikulu loona za penshoni ndi inshuwalansi za boma, chonena kuti mphunzitsi wina wa nyimbo wa m'tauni ya Herrenberg anali wolembedwa ntchito, chinachititsa masukulu ambiri kuunikanso mapangano awo.

Malisiti ndi masiku

Sungani lisiti iliyonse: mabuku, laputopu, matikiti a sitima opitira kwa ophunzira, maphunziro owonjezera. Zonsezi zimachepetsa phindu lodulidwa msonkho pa fomu ya EÜR, yoonetsa ndalama zolowa ndi zotuluka. Lipoti la msonkho wa chaka liyenera kufika pa 31 Julayi chaka chotsatira, ndipo kuchedwa kungakudyereni mayuro osachepera 25 mwezi uliwonse. Finanzamt ikakuikirani msonkho wa pasadakhale, masiku ake ndi pa 10 Malichi, 10 Juni, 10 Seputembala ndi 10 Disembala. Samalani ndi chaka chachiwiri, chifukwa msonkho wa chaka choyamba ndi wa pasadakhale zingabwere nthawi imodzi.

Ndalama zopita ndi zochokera kumudzi

Wokhala ku Germany amaulula ndalama zonse zimene amapeza, ngakhale lendi ya nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chilomoni. Koma ndalama zothandizira makolo, agogo kapena ana osowa podalira zingakuchepetsereni msonkho. Za achimwene ndi achemwali sizilowa, chifukwa lamulo la ku Germany silikakamiza munthu kusamalira abale obadwa nawo. Kuyambira 2025 amavomereza zokhazo zotumizidwa ku akaunti ya banki ya wothandizidwayo, osati zopatsira munthu amene akupita kumudzi. Pamafunikanso fomu ya Unterhaltserklärung, yotsimikizira kuti munthuyo akufunikadi thandizo, yosainidwa ndi wothandizidwayo n'kudindidwa ndi akuluakulu a kwawo. Itumizeni kwa amayi chaka chisanathe, kuti ibwerere nthawi yolemba lipoti isanakwane.