Momwe mungalowere m'gulu losamalira nkhalango za boma ku America, ndi kadulidwe ka mzere wa moto

Malo oposa kotala la dziko la America ali m'manja mwa boma: nkhalango, mapaki ndi madambo, zoyang'aniridwa ndi US Forest Service, National Park Service ndi Bureau of Land Management. Antchito olembedwa sakwana, choncho ntchito yambiri yamanja amaigwira ndi achinyamata pamodzi ndi anthu amene adasiya usilikali. Zidayamba kale. Mu 1933 pulezidenti Franklin Roosevelt adakhazikitsa gulu losamalira zachilengedwe lotchedwa Civilian Conservation Corps, ndipo pomwe inkatha mu 1942 amuna pafupifupi 3 miliyoni anali atadutsamo, ena mwa iwo asilikali a nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Mnyamata ankalandira madola 30 pamwezi, 25 n'kutumizidwa kwawo.

Lero ntchitoyi ili ndi mabungwe monga Student Conservation Association, Conservation Legacy ndi California Conservation Corps. Amakonza tinjira ta m'mapiri, kudzala mitengo, kuzula zomera zachilendo zowononga, komanso kulimbana ndi moto wolusa.

Yambani ndi mapepala

Lamulo la Public Lands Corps la 1993, lokhudza magulu ogwira ntchito pa malo a boma, momwe adalikonzera mu 2019, limalandira a zaka 16 mpaka 30, ndipo kwa amene adakhalako msilikali malire ndi zaka 35. Malo ambiri a ntchito amalipiridwa kudzera ku AmeriCorps, bungwe la boma loyendetsa ntchito zotumikira dziko, ndipo kumeneko amafuna nzika ya America kapena munthu wa green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Wa viza ya sukulu kapena yoyendera asavutike, sangamutenge. Wochokera ku usilikali asaiwale fomu ya DD-214, yosonyeza mmene adatulukira, makamaka ngati akufuna Veterans Fire Corps, gulu lokonzedwera asilikali a pambuyo pa 2001.

Ndalama ya pasabata ndi yongodyera. Phindu lenileni ndi maphunziro, thandizo la fizi ukamaliza maola ako, ndi khomo lolowera ntchito ya boma. Mu 2025 boma lidadula thandizo lambiri la AmeriCorps, ndiye musanagule tikiti funsani bungwelo ngati malowo alipodi.

Konzani thupi miyezi iwiri isanakwane

Wofuna kukazimitsa moto ayenera kupambana mayeso a katundu: kuyenda makilomita 4.8 atabereka chikwama cha makilogalamu 20, mphindi 45 zisanathe. Kuthamanga n'koletsedwa. Ndiye kuti kilomita iliyonse isakudyereni kuposa mphindi 9 ndi masekondi pang'ono. Yambani ndi makilogalamu 5, muziwonjezera sabata ndi sabata. Asilikali ambiri amawadutsa mosavuta, koma ena amadzidalira n'kufika osakonzeka, mawondo n'kuwakana.

Jombo zikhale zachikopa, zomanga ndi zingwe, zotalika masentimita 20, ndipo muziyambe kuvala kunyumba. Jombo yatsopano tsiku loyamba m'phiri ndi matuza basi, ndipo munthu wa matuza amachedwetsa gulu lonse. Malaya ndi thalauza za Nomex, nsalu yosagwira moto msanga, amapereka okha. M'kati valani zathonje kapena zaubweya, chifukwa nayiloni ikatentha imasungunukira pakhungu.

Kenako pali maphunziro: S-190 ya khalidwe la moto, S-130 ya kazimitsidwe, L-180 ya kugwirira pamodzi, ndi S-212 kwa ogwira macheka a injini. Mukamaliza zoyambazo ndi mayeso aja mumalandira Red Card, chiphaso chokulolani kufika pamoto. Magulu ambiri amagona m'matenti masiku 8, akugwira maola 10 patsiku, n'kupuma masiku 6.

Kudula mzere wa moto

Apa ndiye pagona ntchito. Moto wa m'tchire kawirikawiri suzimitsidwa ndi madzi. Umalandidwa chakudya. Mzere ndi kanjira kopalidwa mpaka padothi lenileni, kuti moto ukafikapo usowe chonyeketsa.

Musanakhudze chida, gulu lonse lidziwe zinthu zinayi zimene kumeneko amazitcha LCES: ndani wakhala pamwamba kuyang'ana moto, mukulankhulana bwanji, muthawira njira iti, ndipo malo otetezeka ali pati. Njira zothawira zikhale ziwiri. Malo otetezeka abwino ndi pamene papsa kale n'kuzizira, kapena pathanthwe lalikulu. Mzere ukamatalika malowo amatsalira m'mbuyo, choncho mtsogoleri azitchula ena atsopano. Ovaova ikasiya kumveka, ntchito iyambe yaima.

Choyamba, pezani poyambira. Mzere uyambire pa chinthu chimene sichingapse: msewu, mtsinje, thanthwe kapena pamene papsa kale. Mukauyambira pakati pa udzu, moto udzazungulira kumbuyo kwanu n'kukutsekerani. Ichi ndi cholakwa chopha, ndipo chimabwera chifukwa chofulumira.

Chachiwiri, ndondomeko ya zida. Patsogolo pamapita wa macheka ndi mnzake wokoka nthambi. Amadula zitsamba ndi nthambi zolendewera, kutsegula mpata wotakata pafupifupi kamodzi ndi theka kutalika kwa zomera za pamalopo. Udzu ukakhala wa mita imodzi, mpata ukhale mita ndi theka. Pambuyo pawo pamabwera a Pulaski, chida chomwe mbali ina ndi nkhwangwa, ina ndi kakhasu. Dzinali ndi la Ed Pulaski, woyang'anira nkhalango amene pamoto waukulu wa 1910 ku Idaho adapulumutsa anthu ambiri a gulu lake powabisa mumgodi. A Pulaski amadula mizu ndi kugumula nthaka. Otsatira ndi a McLeod, chomwe ndi khasu lotakata mbali ina, leki mbali inayo, ndipo a fosholo amatseka kumapeto.

Aliyense amatema kamodzi kapena kawiri n'kusuntha, osafuna kumaliza yekha. Womaliza ndiye amaonetsetsa kuti mzere wayera. Pakati pa munthu ndi mnzake pakhale mamita atatu, poyenda ndi pogwira pomwe. Chida chinyamulidwe m'manja, kumbali yakumunsi kwa phiri, osati paphewa, kuti ukaterereka uchiponye kutali. Madzulo aliyense anole chake ndi tupa atavala magolovesi. Pulaski yobuntha imadumpha pamuzu n'kukapeza mwendo.

Chachitatu, kuya kwake. Popalapo pamatakata masentimita 30 mpaka mita imodzi, malinga ndi moto, koma chachikulu si kutakata. Pansi pa mitengo ya paini pamakhala masamba owola, okhuthala, ooneka ngati dothi. Tapani ndi dzanja: ngati ndi opepuka, ofewa, okhala ndi tiulusi, amenewo ndi chakudya cha moto. Umayenda m'menemo mwakachetechete usiku wonse n'kukatulukira tsidya lina m'mawa. Palani mpaka mufike pamchenga, dongo kapena miyala. Muzu uliwonse wodutsa pamzere udulidwe, chifukwa muzu wouma umapsa m'kati mwa nthaka.

Chachinayi, kotaya zinyalala. Zosapsa zimatayidwa kunja kwa mzere, mobalalitsa, osaunjika mulu m'mbali. Zakuda, zofuka kapena zotentha zimabwezedwa m'kati, kumene kuli moto. Chikuni chimodzi chofuka chikaponyedwa kunja, ntchito ya tsiku lonse yapita.

Paphiri pali zina. Moto umathamanga kukwera chifukwa malawi amapendekera n'kuumitsiratu zomera za kutsogolo. Ku Mann Gulch, m'chigawo cha Montana, mu 1949 anthu 13 adafa moto utawapitirira pamtunda wotero. Musagwire ntchito pamwamba pa moto pali tchire losapsa pakati panu, ndipo khwawa lopapatiza mulipewe, limakoka moto. Mzere ukadutsa kumunsi kwa moto, kumbani ngalande m'mbali mwake, dothi n'kuliunjika kumunsi, kuti zipatso za paini ndi zikuni zogubuduka ziime mmenemo. Mitengo yogona mopingasa itembenuzeni iloze kumtunda kuti isagubuduke.

Zonsezi si za ku America kokha. Anthu olambula misewu yotchinga moto ku Chikangawa kapena paphiri la Zomba, moto wa osaka mbewa usanayambe, ali ndi khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, ndipo zidazi zikwanira. Chimene timaona kuti chimasowa kawirikawiri ndi munthu woikidwa kuti azingoyang'ana moto ndi mphepo, osagwira chida.

Moto ukagona, ntchito sinathe

Gulu limabwerera kukafufuza m'mphepete mwa mzere. Zitsa zofuka zimakumbidwa, makala n'kusakanizidwa ndi dothi, madzi akakhalapo n'kuthira pang'onopang'ono uku mukuvundula. Kungokwirira chitsa n'kusunga moto. Vulani golovesi, yandikizani kuseri kwa dzanja paphulusa, kenako mukhudze mosamala. Phulusa loyera kwambiri lipondeni mochenjera, pansi pake pamatha kukhala dzenje la makala pamene panali chitsa. Yang'ananinso kunja kwa mzere, kumene mphepo imaponya mbaliwali, ndiponso m'mwamba, chifukwa mitengo youma yopsa kutsinde imagwa yopanda chenjezo.

Madzi imwani pafupifupi lita imodzi pa ola ntchito ikakula, ndipo muzidya zamchere. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu ikuwawa modabwitsa, uzani mtsogoleri nthawi yomweyo. Chimenecho chimatha kukhala chizindikiro choti minofu ikuwonongeka, ndipo impso zimavulala. Amene adazolowera kupirira ku usilikali ndiwo amakonda kubisa, choncho anzawo aziwafunsa. Lamulo la pamoto ndi ola limodzi lopuma pa maola awiri aliwonse ogwira ntchito.

Lembani maola anu

Mukakwanitsa maola 640, mwa amenewo osachepera 120 pa ntchito ya Public Lands Corps, muli ndi mwayi wofunsira ntchito ya boma popanda kupikisana ndi anthu onse. Mwayiwu suchitika wokha. Sungani mapepala a maola osainidwa, pemphani satifiketi kwa mkulu wa bungwe la boma limene mudaligwirira musanachoke, ndipo muiike pofunsira ntchito pa USAJOBS, tsamba la pa intaneti la ntchito za boma. Imagwira zaka ziwiri kuchokera tsiku limene mudamaliza.