Chitsulo chisagone pathabwa pothira konkire

Mukaona mizere yofiirira kunsi kwa silabu, kapena ngodya ya pila ikugumuka n'kuonetsa chitsulo, dziwani kuti dzimbiri linalowa kalekale. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa n'kumakankha konkire kuchokera mkati. Mng'alu ukangotseguka, madzi amapeza njira, ndipo vuto limakula msanga.

Simenti payokha ndi mlonda wa chitsulo. Konkire yatsopano imakhala ndi mphamvu ya laimu, pH yake (muyeso wa mphamvuyo) yoposa 12, ndipo mphamvuyi imapanga kakhungu kopyapyala kamene kamatchinga dzimbiri. Koma mpweya wa carbon dioxide, chinyontho ndi mchere zimalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja n'kuifooketsa. Ndiye nkhani yagona pa kuchindikala kwa konkire imene yakuta chitsulocho.

Pa silabu siyani mpata wa mamilimita 25 pakati pa chitsulo ndi thabwa, pa mapila ndi mabimu 30 mpaka 40, m'maziko 50. Ngati mukuthira padothi penipeni, fikani 75. Inu omanga ku Kanyama, Misisi ndi Chawama mu Lusaka, kumene madzi ali pafupi ndipo amadikha mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale, musachepetseko ngakhale pang'ono. Ngati pulani ya injiniya yanena zoposa apa, tsatirani pulaniyo.

Mpata umenewu subwera wokha. Umbani timabuloko ta simenti ndi mchenga kukadali sabata, mubayemo kawaya tikadali tosauma, kenako mutimangirire kunsi ndi m'mbali mwa zitsulo. Amisiri ena amangotola kachidutswa ka thabwa kapena ka buloko yosweka. Ayi ndithu. Thabwa limawola, buloko imamwa madzi n'kuwafikitsa pachitsulo. Tsiku lothira nalonso n'lovuta: anyamata a wilibala amaponda zitsulo, Y12 (chitsulo chonenepa mamilimita 12) imene munaikweza bwinobwino n'kugona pansi osaonekanso. Ayalireni matabwa oyendapo, ndipo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana zimenezi basi.

Madzi osakanizira akhale oyera, opanda mchere, ndipo asachuluke. Osakaniza amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa fosholo imapepuka, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo. Tsinderani ndi poka (makina onjenjemeretsa konkire) kapena ndodo kuti pasatsale mphako, kenako muzithirira masiku osachepera 7. Dzuwa la Okutobala mu Lusaka silichedwa kuumitsa pamwamba, choncho fundikani masaka onyowa.

Dzimbiri lopyapyala pachitsulo chogula kumene lisakudetseni nkhawa. Lomwe likusendeka ngati mamba lipaleni ndi bulashi ya waya. Oyilo musapake, amalepheretsa konkire kugwira.

Pali nyumba zambiri muno zimene zitsulo zake zatulukira pamwamba, kudikira kuti ndalama za nyumba yosanja zipezeke. Zaka zimatha mvula ikutsetsereka nazo kulowa m'pila. Ngati mwaimitsa ntchito, zipakeni phala la simenti ndi madzi, ndipo muzibwerezanso mvula isanayambe mu Novembala.