Ku Stonehenge pa basi: musagule tikiti ya malo atatu

Ndapitako kawiri ku Stonehenge, bwalo la miyala ikuluikulu yakalekale ku England, maulendo onse pa basi yonyamukira ku London, yokhala ndi munthu wotitsogolera. Ulendo woyamba ndinabwerako ndi zithunzi zodzaza foni koma mtima uli wosakhutira. Wachiwiri ndinapita ndi achemwali anga aakulu, ndipo umenewo ndi umene ndinganene kuti miyalayo ndinaionadi. Nyengo inali yofanana, mabasi anali abwino onse. Chinasiyana ndi tikiti imene ndinagula.

Mukafufuza pa intaneti, maulendo ambiri amene mungapeze amaphatikiza malo atatu pa tsiku limodzi: nyumba yachifumu ya Windsor, Stonehenge, ndi mzinda wa Bath. Mtengo wake umakopa, inenso ndinakopeka. Koma tawerengerani nokha. Kuchoka ku London kukafika ku Stonehenge ndi makilomita pafupifupi 140, maola awiri msewu ukakhala wopanda chipwirikiti. Kuchoka apo kupita ku Bath ndi ola lina, kubwerera ku London madzulo ndi maola awiri ndi theka kapena kuposa. Tsiku lonse limakwana maola 11 kapena 12, ndipo pafupifupi theka lake mumathera pampando. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tsiku limenelo ndinaona Windsor mothamanga, Bath mothamanga, ndipo pamiyala penipenipo ndinaimapo mphindi zosakwana 30.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo kampani imene ndinakwera basi yake sinandiuze. Basi siifika pamiyala. Imaima pa nyumba yolandirira alendo imene inatsegulidwa mu December 2013, ndipo nyumbayo ili pa mtunda wa makilomita 2.4 kuchokera pamiyalapo. Anaimanga kutali dala, n'kutseka msewu wakale umene unkadutsa m'mphepete mwa miyala, kuti malowo apume ku galimoto. Ndiye mukatsika basi yanu mumakaima pamzere wodikira timabasi ta pamalopo, timene timakutengani mphindi pafupifupi khumi kupita, khumi kubwerera. Wina akakuuzani kuti muli ndi ola ndi theka ku Stonehenge, chotsanipo mizere iwiriyo, maulendo awiriwo, ndi kuchimbudzi. Zotsalazo ndiye nthawi yanu yeniyeni.

Choncho musanalipire, funsani mafunso awiri, ndipo yankho likhale lolembedwa. Loyamba: tikafika, tikhalapo maola angati? Osavomera zosakwana maola awiri; ine ndinganene awiri ndi theka. Lachiwiri: kodi ndalama yolowera ili m'kati mwa tikitiyi? Maulendo ena otchipa amakhala a basi yokha, ndipo English Heritage, bungwe limene limasamalira miyalayi, limagulitsa matikiti ake motsata nthawi yolowera. Mukafuna kuphatikiza malo ena, phatikizani amodzi okha. Ife tinasankha Salisbury, pa mtunda wa makilomita 13 okha, kumene kuli tchalitchi chachikulu chokhala ndi nsanja yotalika mamita 123, ndipo m'menemo mumasungidwa chimodzi mwa zikalata zinayi zoyambirira za Magna Carta, pangano la mu 1215 lochepetsa mphamvu za mfumu, zimene zilipobe. Bath ndi wofuna tsiku lakelake.

Zokonzekera usiku wake n'zochepa. Werengani bwino malo okwerera. Mabasi ambiri amanyamukira kudera la Victoria, koma Victoria Coach Station ndi siteshoni ya sitima ya Victoria ndi malo awiri osiyana, ndipo kuyenda pakati pake ndi katundu m'mawa kumadya mphindi. Fikani theka la ola nthawi isanakwane. Koperani pa foni pulogalamu ya mawu ofotokoza malowo mukadali pamene pali intaneti yabwino, mutengenso mahedifoni. Foni ikhale yodzaza moto. Kamba pang'ono ndi botolo la madzi m'chikwama zidzakupulumutsani ku mzere wina.

Zovala ndiye ndizikambe mosabisa. Chigwa cha Salisbury n'choyera, palibe mtengo kapena khoma lotchinga mphepo, ndipo pamiyala palibe pobisalira mvula. Ambulera imapindika. Tengani jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa chake, ngakhale mu July, ndi nsapato zimene simungadandaule zitathimbirira matope. Achemwali anga anamvera, ndipo tsiku lonse anali kumwetulira pamene ena ankathamangira kukabasi atakumbatira manja.

M'basi, ngati mukuchokera ku London molunjika, khalani mbali ya kumanja, kumene kumakhala dalaivala. Mukadutsa tauni ya Amesbury pa msewu wa A303, miyala imatulukira mwadzidzidzi kudzanja lamanja, pamwamba pa kamtunda, nkhosa zikudya pafupi. Kuchokera pamenepo imaoneka yaing'ono, ndipo ndamvapo anthu akuusa moyo mokhumudwa. Musaiweruzire pawindo. Mangani lamba, ndi lamulo m'mabasi a maulendo ataliatali ku Britain. Ndipo musagone. Ndikudziwa kuti mwadzuka usiku, koma maola awiri amenewo ndi amene mwalipirira munthu wokutsogolerani. Pamiyala penipenipo gulu limabalalika, aliyense ndi foni yake, ndiye mafunso anu afunseni muli m'basi.

Amene anatitsogolera ulendo wachiwiri anali mayi wachikulire wodziwa ntchito yake. Atatsala pang'ono kutifikitsa anatiuza zinthu zoti tikayang'ane ndi maso athu, ndipo zimenezo n'zimene zinasintha tsiku langa. Ndikupatsirani.

Yambani ndi ngalande. Anthu ambiri amaidumpha ndi maso pothamangira miyala, komatu ndi imene inayamba. Inakumbidwa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, cha m'ma 3000 BC, ndipo okumbawo ankagwiritsa ntchito nyanga za mbawala zikuluzikulu za kumeneko ngati mapiki. M'kati mwake muli maenje 56 ozungulira, ndipo m'malo amenewa munapezeka mafupa otenthedwa a anthu ambiri. Kunali kumanda. Nditamva zimenezi ndinatsitsa mawu, ndipo ndinaona kuti achemwali anganso asiya kujambula kwa kanthawi.

Miyala ikuluikulu, imene amaitcha sarsen, inadza pambuyo pake, cha m'ma 2500 BC. Umodzi umalemera matani pafupifupi 25. Kafukufuku wa mu 2020 anasonyeza kuti yambiri inachokera ku West Woods, pafupi ndi Marlborough, makilomita pafupifupi 25 kumpoto. Pa bwalo lakunja panayenera kukhala miyala yoimirira 30 yokhala ndi ina yogona pamwamba pake. Lero yoimirira ilipo 17. Tsono yang'anani pamwamba pa mwala wautali kwambiri, umene waima wokha mnzake atagwa. Muona kansonga kozungulira kotulukira m'mwamba. Kansongako kankalowa m'kadzenje kosemedwa pansi pa mwala wogona, monga mmene kalipentala amalumikizira miyendo ya tebulo. Anthu amenewa ankasema mwala ndi nzeru ya matabwa, pogwiritsa ntchito miyala inzake ngati hamala, opanda chitsulo. Ndinaima nthawi yaitali pamenepo. Kansonga kameneka n'kamene kanandichititsa kumva kuti kunali anthu, a manja otupa ndi misana yowawa, amene ankakambirana ndi kuyeza, osati nthano chabe.

Pakati pa zimphonazo pali timiyala tating'onoting'ono, totchedwa bluestone, timene ambiri satiwerengera. Timeneti n'todabwitsa kuposa. Tinachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda woposa makilomita 200. Ndipo mwala wogona pakati, umene amautcha Altar Stone, akatswiri analengeza mu 2024 kuti unachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, makilomita oposa 700. Suoneka bwino chifukwa miyala ina inaugwera pamwamba, koma funsani ogwira ntchito pamalopo akulozereni. Amakonda kufunsidwa.

Mukazungulira mufika pa mwala waukulu wosasemedwa woima pawokha kunja kwa bwalo, Heel Stone. Munthu akaima pakati pa bwalo pa tsiku lalitali kwambiri pa chaka, cha pa 21 June, dzuwa limatuluka chakumeneko. Pa tsiku lalifupi kwambiri, mu December, limalowa mbali ina ya mzere womwewo. Ku Durrington Walls, makilomita atatu okha kuchokera apa, kunapezeka mabwinja a mudzi ndi mafupa ambiri a nkhumba zimene zikuoneka kuti zinkaphedwa m'nyengo yozizira, n'chifukwa chake akatswiri ambiri amaganiza kuti msonkhano waukulu unkakhala wa mu December. Wina m'basi mwathu anafunsa za ansembe akale otchedwa Druid. Mayi uja anayankha modekha kuti iwowo anadzakhalako patapita zaka zoposa 2,000 miyala itaimikidwa kale.

Simuloledwa kulowa pakati kapena kugwira miyala. Pali kachingwe kotsika ndi njira yozungulira, ndipo zakhala choncho kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ulendo woyamba zinandipweteka. Kenako ndinamva kuti kale alendo ankabwera ndi hamala kudzagumulako tizidutswa tokasunga kunyumba, ndipo ndinamvetsa. Dziwaninso kuti si miyala yonse imene yaima chiimire: itatu yolumikizana inagwa mu 1797 ndipo inadzutsidwanso mu 1958, ina inalimbitsidwa ndi konkire pansi pake. Malowa anali a munthu payekha mpaka Cecil Chubb atawagula pa okushoni mu 1915 ndi mapaundi 6,600, n'kuwapereka kwa mtundu wonse mu 1918. UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe a dziko lonse mu 1986, pamodzi ndi Avebury, bwalo lina la miyala yakale. Ngati mtima wanu ukufunitsitsa kuima pakati penipeni, alipo maulendo apadera a m'bandakucha kapena madzulo, a magulu aang'ono, malo asanatsegulidwe kapena atatsekedwa. Amadula ndipo amatha msanga, choncho sungitsani malo kudakali miyezi. Ngakhale pamenepo kugwira n'koletsedwa.

Ndondomeko yake pamalopo ichitike motere. Mukangotsika basi, pitani kuchimbudzi, chifukwa kumiyala kulibe. Musalowe m'sitolo, musalowe m'chipinda cha ziwonetsero. Pitani kaye kumiyala, zinazo mudzaona pobwerera ndi nthawi yotsala. Njira yake imayandikira kwambiri miyala mbali imodzi, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amaunjikana. Jambulani zanu ziwiri zitatu, kenako pitirirani kumene kuli phee, muike foni m'thumba, muzungulire pang'onopang'ono. Mbali iliyonse bwalolo limasintha nkhope: kwina limaoneka lathunthu, kwina bwinja.

Ngati miyendo ikulola ndipo muli ndi maola awiri ndi theka aja, mbali ina ya njirayo yendani pansi. Pa ulendo wathu uja kabasi kankatha kuima pakati, pa kankhalango ka Fargo, munthu akamuuza dalaivala. Ife tinatsika pamenepo n'kudutsa m'busa la National Trust, bungwe lina losamalira malo akale, pafupi ndi timilu tozungulira timene ndi manda akale. Miyala inkakula pang'onopang'ono kutsogolo kwathu, mphepo ikuwomba udzu, timbalame tikuimba m'mwamba. Achemwali anga anandigwira mkono nati, "Mng'ono wanga, anthu akale aja ankafika chonchi, wapansi." Kuyenda njira yonse kuchokera kunyumba ya alendo kumatenga mphindi 30 mpaka 40, ndiye yang'anani wotchi musanaganize zoyenda mbali zonse ziwiri. Tsekani zipata mukadutsa, muli ziweto.

Pobwerera, ngati kwatsala mphindi 20, zithereni pa tinyumba tofolera ndi udzu timene anamanga kuseri kwa nyumba ya alendo motengera mabwinja a ku Durrington Walls. Pambali pake pali mwala wofanizira sarsen womangidwa pa mitengo, woti muyese kukoka. Ana amaukonda, koma akuluakulu ndi amene amachokapo ali chete.

Nthawi yobwerera ku basi musaiseweretse. Ilembeni padzanja ngati n'kofunika, jambulani nambala ya basi ndi mtundu wake chifukwa pamalo oimika pamakhala ambiri ofanana, ndipo sungani nambala ya foni ya wokutsogolerani. Ulendo woyamba uja tinadikira banja lina mphindi khumi, kenako basi inanyamuka osawatenga. Zinandimvetsa chisoni, koma si nkhanza za dalaivala. Lamulo limamulamula kupuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo tsiku lake lonse n'loyezedwa. Anthu awiri akachedwa, ena makumi asanu amaphonya nthawi yawo yolowera kumalo otsatira.

Za nyengo: mu July ndi August, makamaka masana, anthu amadzaza ndipo A303 imathinana ndi galimoto, ndiye sankhani basi ya m'mamawa. Mu December kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho onetsetsani kuti Stonehenge ikhale malo oyamba pa ndondomeko, osati otsiriza. Ife tinapita kumayambiriro kwa October, pakati pa sabata, ndipo kwa mphindi zingapo mbali ya kumadzulo tinali awiriwiri ndi akhwangwala a pamiyalapo.

Pomaliza funsani m'mawa momwemo kuti madzulo basi ikakutsitsirani pati. Nthawi zambiri si pamene munakwerera, ndipo ikhoza kufika mochedwa ndi ola lathunthu msewu ukadzaza. Musasungitse tikiti ya sitima kapena china chilichonse cha nthawi yokhazikika usiku umenewo.