Kusankha ndi Kukhoma Zitsulo Zogwirira Konisi pa Siling'i

Amisiri ambiri ochokera kwathu amene akugwira ntchito ya siling'i mu Johannesburg amadziwa kudula konisi, chokongoletsera chimene chimatseka pamene siling'i yakumana ndi khoma, ndi kulumikiza ngodya mwaukhondo, koma pamene ntchito imawonongekera kawirikawiri ndi pa zitsulo zoigwirira. Konisi ikatsika, kapena mng'alu ukatuluka pamene yakumana ndi khoma, mwini nyumba safunsa kuti munagula misomali yanji, amangonena kuti mmisiri uja sadziwa ntchito. Choyenera kuchisunga m'mutu kuyambira pachiyambi ndi chakuti bodi la siling'i silinyamula kanthu. Msomali kapena sikuluwu iyenera kudutsa bodilo ndi kukaluma mtengo kapena chitsulo chimene chili pamwamba pake, kapena kulowa m'njerwa ya khoma.

Chifukwa cha zimenezi, ntchito ya konisi imayamba mabodi asanakwere. M'nyumba zambiri kuno siling'i imakhomedwa pa mitengo ya paini ya mamilimita 38 mbali zonse, imene pa saiti amaitchula kuti brandering, ndipo imakhomedwa kunsi kwa matirasi, mitengo ikuluikulu yonyamula denga, motalikirana pafupifupi mamilimita 400. Tengani chidutswa cha konisi imene mudzagwiritse ntchito, chikhazikeni pa ngodya ya khoma monga mmene chidzakhalire, ndipo lembani pamene mlomo wake wam'mwamba ukuthera. Pamenepo mpofunika mtengo wina woyenda motsatira khoma kuzungulira chipinda chonse. Ambiri amausiya mtengo umenewu pofuna kupulumutsa matabwa, ndipo mapeto ake masikuluwu a mbali ziwiri za chipinda amangolowa m'bodi lopanda kanthu kumbuyo.

Ngati mwapeza siling'i itakhomedwa kale, musakhome mongoyerekeza. Kamaginito kakang'ono kamapeza mitu ya misomali yobisika ndi penti, ndipo mzere wa mituyo ndiwo mzere wa mtengo. Ikani chizindikiro cha pensulo pakhoma, munsi pang'ono mwa pamene konisi idzathere, kuti chizionekabe mukaikweza. Ndi bwinonso kukwera m'denga ndi tochi, popeza m'menemo ndi mmene mumadutsa mawaya a magetsi ndi mapaipi a giza, thanki yotenthetsera madzi. Mapaipi a mawaya okwiriridwa m'khoma nthawi zambiri amakwera molunjika kuchokera pa swichi kapena pa soketi kupita kudenga, choncho pamwamba penipeni pa swichi si malo okhomapo msomali. Zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu musanayambe kuboola.

Masikuluwu akuda amene amagulitsidwa m'masitolo a zomangira ngati Builders Warehouse kapena Cashbuild amaoneka ofanana ali m'paketi, koma mukayang'anitsitsa mazinga ake mudzaona kusiyana. A mazinga otalikirana ndi a mtengo, chifukwa amagwira mwamphamvu mu paini wofewa. A mazinga othithikana ndi a brandering yachitsulo chopyapyala, imene yafala m'maofesi ndi m'nyumba zatsopano. Chitsulo chikakhala chochindikala, pamafunika sikuluwu ya nsonga yodziboolera yokha, imene amisiri amaitchula kuti teki. Mukalowetsa sikuluwu ya mtengo m'chitsulo chopyapyala imakulitsa bowo n'kumangozungulira, ndipo ngakhale ikuoneka ngati yalowa, siinagwire.

Kutalika kwake muwerengere motere. Bodi la RhinoBoard la siling'i wamba limachindikala mamilimita 6.4, ndipo pamenepo muwonjezere kuchindikala kwa mlomo wa konisi, kenaka mamilimita osachepera 20 oti alowe mu mtengo. Pa konisi ya jipisamu, ufa woyera woumbidwa n'kukutidwa ndi pepala, sikuluwu ya mamilimita 41 imakwanira bwino, pamene ya mamilimita 25 ndi yokhomera bodi lokha ku chitsulo ndipo siingafike patali. Yotalika kwambiri nayonso njoopsa, chifukwa nsonga ikatulukira pamwamba pa mtengo ikhoza kulasa waya wogona pamenepo. Mutu wa sikuluwu ulowe pang'ono pokha, upange kadzenje koti fila, phala lotsekera mabowo, akhalemo, koma usang'ambe pepala lokuta jipisamu. Pepalalo ndilo mphamvu ya konisi, ndipo likang'ambika mutu umangomira mu ufa woyera. Zikatero isiyeni sikuluwuyo, mukhome ina pambali pake.

Nkhani ya dzimbiri anthu amaipeputsa poti Johannesburg ili kutali ndi nyanja ndipo mpweya wake ndi wouma kusiyana ndi wa ku Durban. Komabe fila amapakidwa ali wonyowa, penti wa siling'i ndi wosungunula ndi madzi, ndipo mvula ya mabingu ndi matalala ya pakati pa Okutobala ndi Malichi imapeza njira m'madenga ambiri. Msomali wamba ukanyowa, kadontho kofiirira kamatulukira pa penti woyera, ndipo ngakhale mupakepo kangati kamabwererabe. M'bafa, m'khitchini, pakhonde ndi pansi pa giza, gwiritsani ntchito misomali ndi masikuluwu okutidwa ndi zinki, kapena achitsulo chosachita dzimbiri. Kwa ine, kusiyana kwa mtengo wake n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi tsiku lobwerera kukakonza ntchito popanda malipiro.

Mbali ya khoma ili ndi zofuna zake. Pa njerwa zootcha zopakidwa pulasitala, msomali wachitsulo cholimba umalowa bwino, bola muuwongolere pansi pang'ono ndi kuumenya modekha. Misomali imeneyi siipindika, imathyoka n'kuuluka, choncho magalasi oteteza maso asachoke kumaso. Pa konkire, monga m'mafulati akale a ku Hillbrow ndi ku Berea kumene denga la chipinda ndi silabu, msomali umangogumula pulasitala. Pamenepo boolani ndi dirilo ya mamilimita 6, pukutani fumbi m'bowo, lowetsani pulagi ya nayiloni, ndiye mumange sikuluwu. Onetsetsani kuti pulagi yadutsa pulasitala n'kukhazikika m'chinthu cholimba, pakuti pulasitala wa nyumba zakale amafumbutuka ngati chigumu chouma.

Kuchuluka kwa zitsulo kumatsatira kulemera kwa konisi. Ya polisitirini, imene ndi yopepuka kwambiri, siifuna chitsulo chokhalitsa. Imamatidwa ndi guluu wa akiriliki, ndipo timisomali mumangotikhoma kunsi kwa mlomo wake kuti isatsetsereke, n'kutizula guluu akauma. Guluu wa fungo lamphamvu la thinazi amaisungunula, ndiye muwerenge chitini musanagule. Ya jipisamu imamatidwa ndi RhinoBed kapena guluu wina wa konisi, koma ine ndimawonjezerapo masikuluwu motalikirana mamilimita 300 mpaka 400, komanso imodzi mbali iliyonse ya polumikizira, pafupifupi chala chimodzi ndi theka kuchokera kumapeto kuti mlomo usasweke. Ya mtengo, kaya ndi ya mtengo wa meranti kapena ya supawood, thabwa la utuchi wopanikizidwa, imafuna timisomali ta mitu yaing'ono tokhomeredwa mkati ndi panchi, kachitsulo komizira mutu wa msomali, ndipo pafupi ndi mapeto muyambe mwaboola kabowo kuti thabwa lisang'aluke.

Pamene pafunika mabulaketi, zitsulo zochirikizira zomangidwa kukhoma, ndi pa makonisi olemera a pulasitala woumbidwa, ofanana ndi a m'nyumba zakale za ku Parktown ndi ku Houghton, ndiponso pa aja amakono obisa nyali za LED amene amasiya mpata pakati pa konisi ndi siling'i. Konisi yobisa nyali imagwira khoma lokha, motero kulemera kwake konse kumakokera kunja ndi pansi. Jambulani mzere wowongoka kuzungulira chipinda ndi levulo, musadalire siling'i kapena pansi, chifukwa zonsezi sizikhala zowongoka. Mangani mabulaketi a ngodya okutidwa ndi zinki pa mzerewo, lililonse ndi masikuluwu awiri ndi mapulagi ake, kenaka mumangirirepo thabwa kapena chitsulo chimene konisi idzagwire. Musanakweze konisi, kokani bulaketi lililonse ndi dzanja, ndipo limene lagwedera mulisunthe n'kuboola pena.

Pa siling'i yolendewera ya m'maofesi, chitsulo cha ngodya chozungulira khoma ntchito yake ndi kulandira mapeto a mabodi basi, kulemera kumanyamulidwa ndi mawaya olendewera kuchokera kumwamba.

M'nyumba zakale za ku Melville, Kensington ndi Yeoville muyang'ane kaye kuti siling'i ndi ya chiyani. Zina zili ndi siling'i ya malata osindikizidwa maluwa, imene imapindika mukaimenya ndi hamala, choncho imafuna kuboola kabowo ndi kumanga sikuluwu pang'onopang'ono ndi dzanja. Zina zili ndi mabodi otuwa olimba amene akhoza kukhala ndi asibesitosi, chinthu chimene dziko la South Africa linaletsa m'chaka cha 2008 chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Mukakayikira, musaboole kapena kudula, muuzeni mwini nyumba kuti bodilo liyesedwe kaye.

Zitsulo zonse zikakhazikika, tsekani mitu yake ndi fila kawiri, chifukwa woyamba amaphwa akauma, ndipo musalaze ndi sandipepa wosalala. Matabwa a denga amafufuma m'dzinja n'kubwerera m'nyengo youma ya Juni ndi Julayi, choncho mzere wapakati pa konisi ndi khoma ndi bwino kuutseka ndi akiriliki wofewa amene amalola kusuntha pang'ono. Silikoni musaikepo, chifukwa penti sagwira pamwamba pake. Perekani tsiku lathunthu kuti zonse ziume musanapake penti woyamba.