Kayezedwe ndi kawongoledwe ka mphamvu ya mawu pokonza pulogalamu ya pa kanema

Amene anakhalapo pabalaza madzulo banja likuonera nkhani pa wayilesi ya kanema amadziwa ntchito imene rimoti imagwira m'manja mwa bambo wa pakhomo. Wowerenga nkhani akamayankhula amakweza, uthenga wa malonda ukangolowa amathamangira kutsitsa mwana asanadzidzimuke kutulo, ndipo pulogalamu yotsatira ikayamba amakwezanso chifukwa agogo sakumva kanthu. Ntchito imeneyi si ya woonera, ndi ya ife amene timajambula ndi kulumikiza mapulogalamu. Kwa ife a kuno ku Mulanje, amene zimene tajambula timazitumiza ku nyumba zoulutsira za ku Blantyre ndi Lilongwe, ndi bwino kuti pulogalamu ichoke pa kompyuta yathu itayezedwa kale, chifukwa ikafika kumeneko kawirikawiri sipakhala wina wokhala nayo pansi n'kuyamba kuiwongola.

Gwero la vutoli ndi mita imene ambiri timayang'ana, ya timizere tobiriwira tokwera ndi kutsika m'mbali mwa pulogalamu yolumikizira zithunzi. Mita imeneyi imaonetsa nsonga ya mawu, kutanthauza pamene mawu afika pamwamba kwambiri m'kanthawi kochepa, ndipo ntchito yake ndi kuchenjeza kuti musagunde denga la 0 dBFS (dBFS ndi muyezo wa nsonga pa mita imeneyi) pamene mawu amayamba kung'ambika. Siyeza mmene khutu likumvera. Mayi wothyola tiyi amene mwamufunsa mafunso m'munda akhoza kukhala ndi nsonga yofika pa -6 dBFS pamene waseka kamodzi, kwinako akuyankhula motsitsa. Uthenga wotsatsa feteleza umene waphwanyidwa ndi compressor, chida chofinya mawu okwera kuti ayandikane ndi otsika, ukhozanso kufika pa -6 pomwepo, koma n'kukhala pamenepo masekondi onse 30 osapuma. Pa mita zonse ziwiri n'zofanana, koma pakhutu chinacho chikuboola.

N'chifukwa chake bungwe la dziko lonse lapansi loona za mauthenga la ITU linatulutsa mu 2006 njira yoyezera yotchedwa BS.1770, imene imatsanzira khutu la munthu. Isanawerengere, imayamba yasefa mawu, kuchepetsa kulemera kwa mawu a pansi kwambiri ndi kuwonjezera pafupifupi 4 dB pa mawu okwera amene khutu limamva msanga. Muyezo wake ndi LUFS, umene ena amalemba LKFS, ndipo kusuntha kwa 1 LU n'chimodzimodzi ndi kusuntha kwa 1 dB pa fader, kabatani kokwezera ndi kutsitsira mawu. Mu 2010 bungwe la nyumba zoulutsira mawu ku Ulaya la EBU linatulutsa ndondomeko ya R128, yonena kuti pulogalamu yonse ikhale pa -23 LUFS ndipo nsonga yake yeniyeni isapitirire -1 dBTP (dBTP ndi muyezo wa nsonga yeniyeniyo, imene imatchedwa true peak). Ku America amatsatira ndondomeko ya ATSC A/85 imene imaika -24 LKFS, ndipo kumeneko nkhani ya malonda ophokosera inafika mpaka ku nyumba ya malamulo, lamulo la CALM Act n'kuyamba kugwira ntchito mu December 2012. Musanayambe kulumikiza, funsani a zaukadaulo ku nyumba imene idzaulutse pulogalamu yanu kuti amafuna nambala iti. Akapanda kukuuzani nambala, gwiritsani ntchito -23. Kumbukiraninso kuti manambalawa ali pansi pa ziro, motero -18 ndi yokwera kuposa -23, ndipo -27 ndi yotsika.

Kuyeza kumathandiza pokhapokha ngati mawu anajambulidwa bwino kumunda. Ikani kamera kapena chojambulira pa 48 kHz, ndipo ngati chimalola, pa 24 bit. Zimitsani chokwezera mawu chodziyendera chokha chimene makamera ambiri amabwera nacho, chifukwa munthu akangopuma pang'ono chimakweza phokoso la kumbuyo, ndipo mukajambulira pafupi ndi mathithi a Likhubula mudzamva madzi akukwera ndi kutsika pakati pa mawu alionse. Ikani gain, mlingo wa mawu olowa mu chojambulira, ndi dzanja kuti munthu akamayankhula mwachizolowezi nsonga zizifika cha pa -12 dBFS, kuti akaseka kapena kukuwa pakhale mpata. Maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa, yovekedwa chotchinga mphepo, ndipo m'miyezi ya chiperoni tsegulani low cut, sefa wodula mawu a pansi kwambiri, cha pa 80 Hz kuti kugunda kwa mphepo kusadye mpata wa mawu. Mvula ikayamba kugwa pa malata, imitsani kaye. Kuchotsa phokoso limenelo pa kompyuta kukhoza kuwononga liwu la munthu.

Mukakhala pansi kuti mulumikize, ikani mita ya loudness, yoyeza LUFS ija, pa njira yotulukira mawu onse, osati pa mzere umodzi. Simukusowa kugula kanthu. Youlean Loudness Meter ili ndi mtundu waulere, DaVinci Resolve ili ndi mita yake m'gawo la Fairlight, ndipo Premiere Pro nayo ili nayo. Kuti mutsimikize kuti mita ikunena zoona, seweretsani kulira kwa 1 kHz kwa -23 dBFS mbali zonse ziwiri, kumanzere ndi kumanja, ndipo iyenera kuonetsa -23 LUFS. Mita imeneyi imaonetsa manambala angapo. Momentary imayeza masekondi 0.4 apitawo ndipo imadumphadumpha, choncho musaitsatire kwambiri. Short-term imayeza masekondi 3, ndipo ndi imene mumayang'ana posakaniza. Integrated imayeza kuchokera pamene mwaiyambitsa mpaka pamene mwaimitsa, ndipo ndi yokhayo imene iyenera kufika pa -23. Integrated siwerengera pamene pali zii, pansi pa -70 LUFS, komanso imataya zigawo zimene zatsika ndi 10 LU kapena kuposa poyerekeza ndi pakatikati pa pulogalamu, kotero simungainamize poika chete wautali kumapeto.

Yambani ndi mawu a anthu, nyimbo ndi zina zonse zitazimitsidwa. Woonera amaika voliyumu yake potengera liwu la woyankhula, ndiye liwu limenelo likakhazikika, zina zonse zimapeza malo ake. Dutsani wofunsidwa mafunso aliyense payekha, n'kukweza kapena kutsitsa chidutswa chake mpaka short-term izizungulira pa -23 kapena -24. A mfumu amene anayankhula mofatsa pansi pa mtengo ndi mtolankhani amene anawerengera mu situdiyo azimveka ngati ali m'chipinda chimodzi. Compressor igwiritseni ntchito mopepuka, yongodula 3 dB kapena 4 dB pamene liwu lakwera, chifukwa mukaifinya kwambiri munthu amamveka ngati akuyankhulira m'chidebe ndipo mpweya uliwonse umene wakoka umatulukira poyera. Mukatero sankhani voliyumu ya masipika anu imene liwu likumveka bwino osakwinya nkhope, lembani chizindikiro pa kabatani ndi cholembera, ndipo musakakhudzenso mpaka ntchito ithe. Khutu likazolowera malo amodziwo limayamba kudziwa lokha pamene mawu asochera, mita isananene.

Pamene pamavuta ndi pa magule. Tengani pulogalamu yojambulidwa pa Chonde mu October pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, tchopa ali pakati pa bwalo. Ng'oma imakankha mita ya nsonga mpaka kufiira, ndipo wolumikiza wosazolowera amachita mantha n'kutsitsa gule yense mpaka kumveka ngati akuvinidwa kuseri kwa phiri. Komatu mita ya loudness ikhoza kuonetsa kuti ng'omayo sinakwere kwambiri, chifukwa kugunda kwake n'kwa kanthawi ndipo mbali ina ya mphamvu yake ili pansi pamene sefa uja amachepetsa. Zimene zimakweza nambala ndi nthungululu za amayi, wezulo, ndi chinkuzamawu cha wotsogolera mwambo, chifukwa zonsezi zili m'dera limene khutu limamva msanga. Mwa ine ndekha ndimalola gule akwere kuposa mawu a anthu ndi 3 LU kapena 4 LU pa short-term pamene palibe woyankhula, popeza tchopa wofanana mphamvu ndi munthu wonong'ona sakhalanso tchopa, ndipo R128 siletsa zimenezo malinga integrated ya pulogalamu yonse ifike pa -23. Koma wofotokoza akangolowa pamwamba pa gule, ng'oma zitsike ndi 12 dB kapena kuposa, ndipo zitsike pang'onopang'ono kwa sekondi imodzi, osati kudulidwa ngati magetsi azima. Pali nambala inanso ya LRA imene imaonetsa kutalikirana kwa zigawo zotsika ndi zokwera. Ikakula kwambiri, dziwani kuti woonera wa pa kanema wamng'ono m'nyumba ya phokoso agwiranso rimoti, ngakhale integrated ili pamalo pake.

Kusakaniza kukatha, bwezerani mita pa ziro n'kuseweretsa pulogalamu yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Amene alibe nthawi yodikira mphindi 28 akhoza kutulutsa faelo n'kuiyeza ndi pulogalamu yaulere ya ffmpeg polemba ffmpeg -i pulogalamu.mp4 -af ebur128=peak=true -f null - ndipo kumapeto imalemba integrated, LRA ndi nsonga yeniyeni. Kuwongola kwake ndi masamu a ku pulayimale. Mukapeza -19.4 LUFS, tsitsani fader yaikulu ndi 3.6 dB, basi, osakhudza china chilichonse. R128 imalola kuphonya ndi 0.2 LU uku kapena uku pa pulogalamu yolumikizidwa kale. Kukweza ndiye kumafuna maso. Mukapeza -27 LUFS pamene nsonga ili pa -3 dBTP, kukweza ndi 4 dB kukafikitsa nsonga pa +1, kupyola denga. Pamenepo ikani limiter, chida chotchinga nsonga kuti isapyole malire, yodziwa true peak, kumapeto kwenikweni kwa njira yotulukira, itchinge pa -1 dBTP, kwezani, kenaka yezaninso chifukwa limiter imadyako pang'ono. True peak imasiyana ndi nsonga ya mita wamba chifukwa imayang'ananso pakati pa zidutswa zimene kompyuta inasunga, pochulukitsa kayezedwe kanayi, ndipo pamenepo m'pamene mawu amatha kudumpha denga mita wamba osaona. Popeza pulogalamu imadzapanikizidwanso isanafike pa dikoda ya Kiliye Kiliye kapena ya setilaiti, ndipo kupanikizako kumakweza nsonga pang'ono, ine ndimatchinga pa -2.

Pali msampha umodzi umene ndinagwamo ndekha. Maikolofoni ya pachifuwa inalowa ku tchanelo choyamba chokha cha kamera, ndipo ndinayeza mawuwo ali kumanzere kokha, mita n'kuonetsa -23 bwinobwino. Potulutsa faelo ndinaona kuti kumanja kuli zii, ndinawagawira mbali zonse ziwiri n'kutumiza osayezanso. Mawu omwewo akakhala mbali zonse ziwiri amakwera ndi 3 LU, ndiye pulogalamu inachoka ili pa -20. Kuchokera tsiku limenelo ndimayeza faelo yeniyeni imene ikutumizidwayo, osati zimene zili pa tebulo lolumikizira.

Pa mapulogalamu oulutsidwa pomwepo, monga msonkhano wa pa boma kapena mpira, simungabwerere m'mbuyo, ndipo R128 imalola kuphonya ndi 1 LU. Yambitsani mita pamene pulogalamu yayamba, yang'anani short-term, ndipo mukaona kuti integrated ikusochera bwezani pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti woonera asazindikire. Mauthenga a malonda nawo amayezedwa pa -23 yemweyo, ndipo EBU inawonjezera kuti pa zidutswa zazifupi ngati zimenezi short-term isapitirire -18 LUFS, pofuna kutseka njira ya amene amanong'ona masekondi 20 kuti akuwe masekondi 10 otsalawo. Mwini golosale wa pa Chitakale akakupemphani kuti uthenga wake umveke kuposa wa mnzake, mufotokozereni kuti nyumba youlutsira imene ili ndi makina owongolera idzautsitsa basi, ndipo uthenga wofinyidwa ukatsitsidwa umamveka wofooka kuposa umene unasiyidwa ndi mpata wopumira.

Faelo ya -23 ikaikidwa pa YouTube kapena Facebook imamveka motsika pa foni, popeza YouTube imatsitsa zimene zakwera kuposa cha pa -14 LUFS koma kawirikawiri sikweza zotsika. Tulutsani ina yapadera ya pa intaneti, yokwezedwa kufika pakati pa -16 ndi -14, limiter ili pamalo pake, ndipo lembani nambalayo m'dzina la faelo iliyonse kuti ya pa intaneti isapite ku wayilesi molakwitsa. Zonse ziwiri muzimvere pa sipika ya foni ndi pa kanema wamng'ono wa panyumba, zenera lili lotsegula, musanazitumize.